Blue Badge

Blue Badge ndi chiphaso cha ku Britain chololeza anthu olumala ndi ovutika kuyenda kuimika galimoto pafupi ndi kumene akupita. Chinayamba mu 2000, m'malo mwa Orange Badge ya mu 1971. Chimaperekedwa ndi khonsolo ndipo nthawi zambiri chimatha pakapita zaka zitatu. Ku England mtengo wake sudutsa mapaundi 10, ku Scotland 20, pomwe ku Wales n'chaulere.

Ku England ndi ku Wales, mwini chiphaso angaimike galimoto pamizere yachikasu yoletsa kuimika galimoto kwa maola atatu, bola aike chiphasocho ndi kawotchi ka pepala kosonyeza nthawi imene wafika pagalasi lakutsogolo. M'madera ena apakati pa London, monga Westminster, malamulo ndi osiyana.

Ukalamba pawokha supatsa munthu chiphasochi. Chimene khonsolo imayang'ana ndi mmene munthuyo akuvutikira kuyenda. Kuyambira mu 2019, England inayamba kuganiziranso matenda osaoneka ndi maso, monga matenda oiwalaiwala a okalamba. Kusinthaku kunali koyenera, pakuti gogo amene miyendo yake ili bwinobwino koma amasokonezeka pamsewu ali pangozi yaikulu.

Chiphasocho ndi cha munthu, osati cha galimoto. Ichi n'chofunika kwambiri kwa osamalira okalamba, kuphatikizapo anzathu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene amagwira ntchitoyi kumeneko. Amaloledwa kuchigwiritsa ntchito pokhapokha mwiniwake ali m'galimoto, kapena akukamutenga kapena kukamusiya. Kupita nacho wekha kukamugulira mankhwala ndi mlandu, ndipo chindapusa chingafike mapaundi 1,000.