Masamu owerengera anthu opanda mapepala ku America ndi zimene amanena pa chuma

Boma lililonse limafuna kudziwa kuchuluka kwa anthu okhala m'dziko mwake, koma pali gulu limodzi limene silipezeka lonse m'kaundula aliyense: anthu okhala m'dziko popanda zikalata zowaloleza. Ena anadutsa malire mozemba usiku. Ena analowa bwinobwino pa bwalo la ndege atanyamula visa, koma masiku ake atatha sanabwerere kwawo. Popeza palibe ofesi imene anthuwa amakalembetsako, akatswiri a kalembera ndi a zachuma amawafufuza ndi masamu oyerekezera. Amatenga manambala odziwika, monga a kalembera, a anthu ogwidwa pamalire ndi a misonkho, n'kuwalumikiza kuti apeze chimene sichioneka ndi maso. Luso limeneli lakula kwambiri ku United States, komwe lakhala likuyesa kuyankha mafunso awiri: anthuwa alipo angati, ndipo kukhalapo kwawo kumachita chiyani pa malipiro, pa ntchito ndi pa thumba la boma.

Njira yochotsera

Njira yakale ndiponso yodalirika kwa ambiri ndi yochotsera. Anaikhazikitsa Robert Warren ndi Jeffrey Passel, omwe mu 1987 anafalitsa zimene anapeza atasanthula kalembera wa 1980. Kalembera ameneyu ankafunsa munthu dziko limene anabadwira, koma sankafunsa ngati ali ndi mapepala. Awiriwa anatenga chiwerengero cha onse obadwira kunja, n'kuchotsapo onse amene mabuku a boma amasonyeza kuti ali m'dzikomo mwalamulo. Otsalawo, pafupifupi 2 miliyoni, ndi amene anawatenga kuti ndi opanda zikalata.

Vuto lake n'lodziwikiratu: munthu woopa kubwezedwa kwawo satsegula chitseko msanga akamva kugogoda kwa wolemba kalembera. Choncho pa chiwerengero chotsalacho amawonjezerapo ena poganizira amene anabisala. Kwa zaka zambiri Department of Homeland Security inkaika osawerengedwawo pa 10 mwa anthu 100 alionse. Nambala imeneyi ndi yongoganizira basi, koma ikasunthidwa pang'ono, anthu mazanamazana a masauzande amawonjezeka kapena kusowa pa pepala.

Ndi njira yomweyi bungwe la Pew Research Center linapeza kuti anthu opanda mapepala anali 3.5 miliyoni mu 1990, anafika 12.2 miliyoni mu 2007, anatsika kufika 10.5 miliyoni mu 2017, kenako anakwera mpaka 14 miliyoni mu 2023. M'chiwerengero chomalizachi muli anthu mamiliyoni angapo amene boma linkawadziwa bwino lomwe, monga amene ankadikira kuti khoti ligamule pempho lawo lothawira m'dzikomo. Nkhani zambiri za m'nyuzipepala zimadumpha mfundo imeneyi.

Mkangano wa 2018

Mu 2018 akatswiri atatu, Mohammad Fazel-Zarandi wa ku MIT pamodzi ndi Jonathan Feinstein ndi Edward Kaplan a ku Yale, anasiya kalembera pambali n'kuyamba ndi njira ina. Anatenga dziko ngati mgolo umene madzi amalowa pamwamba kwinaku akutuluka pansi. Olowa ndi odumpha malire ndi otsalira visa itatha. Otuluka ndi obwezedwa ndi boma, obwerera okha, omwalira ndi amene apeza mapepala. Anayambira pa 1990 n'kumawerengera chaka ndi chaka mpaka 2016, ndipo anayendetsa masamuwo pa kompyuta ka 1 miliyoni, ulendo uliwonse akusintha pang'ono manambala osatsimikizika. Yankho lawo, limene linatuluka m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE, linadzidzimutsa anthu: pafupifupi 22.1 miliyoni, kuwirikiza kawiri zimene ena onse ankanena. Ngakhale atawerengera motsitsa dala, anapeza 16.7 miliyoni.

Akatswiri a Migration Policy Institute anayankha m'magazini yomweyo, ndipo chala chawo chinaloza pamalo amodzi: potulukira. M'zaka za m'ma 1990 amuna ambiri a ku Mexico ankawoloka kukagwira ntchito ya m'minda kwa miyezi ingapo, kubwerera kumudzi, kenako kuwolokanso chaka chotsatira. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kulowa kasanu. Masamu akamuwerenga kasanu polowa koma n'kuchepetsa maulendo ake obwerera, cholakwikacho chimaunjikana chaka ndi chaka, ndipo pofika 2016 chimakhala mamiliyoni a anthu amene kulibe. Kafukufuku wa Mexican Migration Project, amene Douglas Massey ndi Jorge Durand anayamba mu 1982 pofunsa mabanja m'midzi ndi m'matauni a ku Mexico, anasonyeza kuti kupita ndi kubwera kotereku kunali kofala, ndipo kunachepa pamene malire analimbitsidwa. Kuwoloka kutayamba kudula ndi kuopsa, amene anali kale mkati anangochona. Otsutsawo anawonjezera kuti anthu 10 miliyoni owonjezera sangabisike m'mabuku a ana obadwa, a imfa ndi a ana a sukulu. Akatswiri ambiri a kalembera anatsalira ku njira yochotsera, ndipo zifukwa zawo n'zomveka, ngakhale kuti atatu aja anachita bwino kukumbutsa anzawo kuti nambala ya 11 miliyoni, imene inkangobwerezedwa chaka ndi chaka, inatsamiranso pa zongoganizira.

Malipiro ndi ntchito

Masamu ofotokoza chifukwa chimene munthu amasamukira anayamba kale. John Harris ndi Michael Todaro mu 1970 anasonyeza kuti wosamuka sayang'ana malipiro okha, koma amawachulukitsa ndi mwayi woti apezadi ntchitoyo. Iwo ankaganizira za anthu ochoka kumudzi kupita m'mizinda ya kum'mawa kwa Africa, koma ena anadzawonjezera m'masamuwo ndalama zolipira wowolotsa ndi mwayi wogwidwa pamalire. Wilfred Ethier mu 1986 analemba masamu oyerekeza njira ziwiri zimene boma lingatsate: kulondera malire kapena kulanga olemba anzawo ntchito.

Pa funso la malipiro, zonse zimatsamira pa mfundo imodzi: kodi wobwerayo amalowa m'malo mwa mbadwa, kapena ntchito zawo zimadalirana? Pamalo omanga nyumba ku Texas, amene akukhoma denga padzuwa akhoza kukhala opanda mapepala, pamene wamagetsi wokhala ndi laisensi, kapitawo ndi wogulitsa nyumbayo ndi mbadwa. Okhoma denga akachoka, mbadwa ina ikhoza kutenga nyundo pa malipiro okwererapo, komanso n'kutheka kuti nyumbayo isamangidwe n'komwe, wamagetsi uja n'kukhala pakhomo. M'masamu, nkhani yonseyi imapanikizidwa mu nambala imodzi yosonyeza mmene magulu awiriwa angalowerane m'malo. George Borjas wa ku Harvard amaona kuti anthu a maphunziro ndi zaka zofanana amapikisana mwachindunji, choncho masamu ake amasonyeza kutsika kwa malipiro a osamaliza sekondale. Gianmarco Ottaviano ndi Giovanni Peri anapeza kuti magulu awiriwa safanana kwenikweni, makamaka chifukwa cha chinenero, choncho masamu awo amasonyeza kuti ovutika kwambiri ndi obwera akale, osati mbadwa.

Pofuna kuyesa maganizowa, akatswiri amasaka zochitika zimene zinasintha chiwerengero cha antchito mwadzidzidzi. Chotchuka ndi cha 1980, pamene anthu pafupifupi 125,000 anachoka padoko la Mariel ku Cuba m'maboti kupita ku Florida. Antchito mumzinda wa Miami anawonjezeka ndi 7 peresenti m'miyezi yochepa. David Card anayerekeza Miami ndi Atlanta, Houston, Los Angeles ndi Tampa, ndipo mu 1990 analemba kuti sanapeze kusintha kooneka pa malipiro kapena pa ulova wa anthu osaphunzira kwambiri. Borjas anabwerera ku manambala omwewo mu 2017, n'kupatula amuna osamaliza sekondale okhaokha, ndipo anapeza kuti malipiro awo anatsika ndi 10 mpaka 30 peresenti. Koma kagulu kameneka kanali ka anthu pafupifupi 20 pachaka. Michael Clemens ndi Jennifer Hunt anasonyeza kuti m'zaka zomwezo kafukufuku wa boma anayamba kufunsa amuna akuda ambiri a malipiro otsika kuposa kale, ndipo kusintha kumeneku pakokha kukanatha kutsitsa nambalayo. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021, koma Borjas sanasinthe maganizo.

Chitsanzo china ndi cha kuchotsa antchito. Pakutha kwa 1964 boma la America linathetsa dongosolo la Bracero, limene kuyambira 1942 linkabweretsa amuna a ku Mexico kudzagwira ntchito m'minda pa kontrakiti. Cholinga chinali kukweza malipiro a mbadwa. Clemens, Ethan Lewis ndi Hannah Postel anafukula mabuku akale a malipiro ndipo mu 2018 anapeza kuti malipiro m'zigawo zimene zinataya antchito ambiri sanakwere kuposa kwina. Alimi a tomato ku California anagula makina okololera amene anali atangopangidwa ku yunivesite ya ku Davis, pamodzi ndi mtundu wa tomato wolimba khungu wosaphwanyika m'makinamo, ndipo m'zaka zochepa pafupifupi tomato yense wa ku fakitale ankakololedwa ndi makina. Kumene makina kunalibe, alimi anachepetsa minda ya mbewuzo. Masamu amene amaiwala kuti mwini munda ali ndi njira zina kupatula kukweza malipiro amaphonya pomwepa.

Lipoti lalikulu la National Academies of Sciences la 2016 linaphatikiza kafukufuku wambiri n'kunena kuti pakadutsa zaka 10 kapena kuposerapo, kusintha kwa malipiro a mbadwa zonse pamodzi n'kochepa kwambiri, ndipo kumene kutsika kumaoneka ndi kwa obwera akale ndi mbadwa zosamaliza sekondale.

Chuma cha dziko ndi thumba la boma

Masamu ena amatenga chuma chonse, gawo ndi gawo, n'kufunsa chimene chingachitike antchito opanda mapepala atachotsedwa. Ryan Edwards ndi Francesc Ortega mu 2016 anapeza kuti antchitowa amapanga pafupifupi 3 peresenti ya chuma cha makampani ndi mabizinezi osakhala a boma pachaka, pafupifupi madola 5 thililiyoni m'zaka 10. Mu 2024 Peterson Institute for International Economics inawerengera kuti kubweza antchito 8.3 miliyoni kungatsitse chuma cha dzikolo ndi 7.4 peresenti pofika 2028, poyerekeza ndi pamene chikanafika. Izi ndi zolosera, osati zochitika, komanso kutsika kwa chuma chonse sikufanana ndi kutsika kwa ndalama za munthu aliyense, chifukwa anthu ogawana chumacho amakhalanso achepa.

Pa misonkho, anthu ambiri amadabwa kumva kuti opanda mapepala amalipira. Amadulidwa msonkho pogula katundu m'sitolo, amalipira wa nyumba kudzera mu lendi, ndipo ambiri amadulidwa pa malipiro chifukwa anapereka nambala ya Social Security yosakhala yawo. Institute on Taxation and Economic Policy inawerengera kuti mu 2022 analipira madola 96.7 biliyoni. Akatswiri a thumba la penshoni la Social Security anapeza kuti mu 2010 mokha anthuwa anaikamo pafupifupi madola 12 biliyoni kuposa zimene anatulutsamo, popeza ambiri sadzalandira penshoniyo.

Koma ndalamazi sizigwera pamene pali mtolo. Gawo lalikulu limapita ku boma lalikulu ku Washington, pamene sukulu ndi zipatala zolandira odwala mwadzidzidzi zimalipiridwa kwambiri ndi zigawo ndi mizinda. Chigamulo cha khoti lalikulu cha 1982 pa mlandu wa Plyler v. Doe chinaletsa zigawo kukaniza ana opanda mapepala sukulu za boma. Apa wowerengera ayenera kusankha: mwana wa kusukuluyo awerengedwe ngati ndalama yotuluka chaka chino, kapena ngati wodzakhoma msonkho zaka 20 zikubwerazi? Lipoti la 2016 lija linapeza kuti ana a obwera, akakula, ali m'gulu la okhoma msonkho kwambiri.

Ku South Africa

Dziko limene Amalawi ambiri amapita kukasaka ntchito lili ndi phunziro lakelake. M'zaka za m'ma 1990 Human Sciences Research Council inanena kuti ku South Africa kuli anthu opanda mapepala pakati pa 2.5 ndi 4.1 miliyoni. Nambalayi inachokera pofunsa anthu kuti akuganiza kuti alendo okhala pafupi nawo ndi angati, kenako n'kuchulukitsa mayankhowo kufika dziko lonse. Bungwelo linadzaikana pambuyo pake, koma andale ndi atolankhani anapitiriza kuitchula kwa zaka zambiri. Kalembera wa 2022 anapeza obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni, a mapepala ndi opanda mapepala pamodzi, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko otsogola kumene anachokera, pamodzi ndi Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho. Vuto la potulukira limene linakanganitsa akatswiri ku America lilinso kumeneko, chifukwa mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba wogwira ntchito ku Joni akhoza kubwera kumudzi pa Khirisimasi n'kuwolokanso mu Januwale. World Bank mu 2018 inapeza kuti pakati pa 1996 ndi 2011 wantchito wobwera aliyense ankayenderana ndi kutseguka kwa ntchito pafupifupi ziwiri za mbadwa, koma kafukufukuyo anawerenga obwera onse, osapatula a mapepala ndi opanda.