Mushanga Umodzi: Mbiri ya Fodya, Lamulo ndi Mwana wa Mukomboni

Mu 1992 ndinali ndi zaka 9, ndipo madzulo alionse ku Chawama ndinali ndi nchito imodzi. Amalume akangofika kucokera kunchito, nsapato zikali kumapazi, anali kundiitana: "Iwe mufana, thamanga pa kantemba, ukanigulile mishanga ibili." Ndinali kubwerako ndudu imodzi ili kukhutu kwamanja, ina kwamanzere, monga ndinali kuonera akuluakulu. Panapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti caka comweco boma linaletsa kugulitsa fodya kwa mwana wa msinkhu wanga. Amai a pakantemba sanalimvepo lamulolo, amalume naonso ai. Ndakhala ndikudzifunsa kuti linasocera pati, ndipo yankho ndalipeza m'mbiri ya fodya m'dziko lathu.

Makolo athu anali ndi fodya wao kalekale, wa m'kaliwo ndi nsunko ya ambuya. Fodya wa malonda anakula ndi atsamunda. M'zaka za m'ma 1910, azungu a mafamu ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, anayamba kulima fodya wa Virginia wotumiza kunja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mitengo inagwa ndipo ambiri anataya mafamu, koma mbeuyo inakhalirira ku Eastern. Kwa boma la atsamunda, nkhani ya fodya inali ya munda, msika ndi msonkho.

Mu January 1964, mkulu wa zaumoyo ku America anatulutsa lipoti lotsimikizira kuti ndudu zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Pa 24 October caka comweco Zambia inalandira ufulu. Dziko latsopanoli linali kufuna ndalama zina kupatula za mkuwa, conco m'zaka zoyambirira za ufulu boma linakhazikitsa Tobacco Board of Zambia kuti ulimi wa fodya ukule ndi kufika kwa alimi akuda. Malamulo athu oyamba a fodya anali oteteza tsamba ndi mlimi. Za mwana wogula kunalibe amene anali kuziganizira.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zinthu zinathina. Nchito zinasowa, mizere ya unga, sopo ndi saladi inatalika, ndipo paketi yathunthu ya ndudu inakhala ya opeza bwino. Acinyamata osowa nchito anaona mpata: gula paketi imodzi, itsegule, gulitsa ndudu imodziimodzi pa siteshoni ya mabasi kapena pakhomo la bala. Ndudu imodzi yotere ndiyo mushanga, ndipo iwo anachedwa anyamata a mishanga. Dzinali linakula mpaka kukhudza aliyense wogulitsa katundu wosowa pamseu. Boma la a Kenneth Kaunda linawathamangitsa ndi apolisi ndiponso acinyamata a cipani ca UNIP, pa mlandu wokweza mitengo imene boma linaika. Amawagwira lero, mawa ali pakona ina. Mushanga unabadwa ndi umphawi, ndipo cikoti sicinauthe.

Mu 1991 a Frederick Chiluba analowa m'boma n'kumasula malonda. Tuntemba tunamera pa mphambano iliyonse ya komboni, ndipo mushanga unapeza shelufu pafupi ndi maswiti ndi mabisiketi. M'nyengo imeneyi ndi mmene munabwera lamulo nambala 163 la 1992, pansi pa malamulo a zaumoyo. Linaletsa kugulitsa fodya kwa aliyense wosakwana zaka 16, linaletsa kukoka fodya m'zipatala, m'masukulu, m'mabasi ndi m'nyumba za kanema, ndipo linalamula kuti paketi iliyonse ikhale ndi cenjezo lakuti fodya amaononga thanzi.

Papepala linali lamulo labwino, koma linalembedwa poganizira munthu wogula paketi musitolo ya m'tauni. Za kugulitsa imodziimodzi silinanene kanthu. Cenjezo linali m'Cingelezi, pa paketi imene imatsala m'manja mwa wogulitsa. Ine ndinagula mishanga zaka zonse zija osaliona. Ndiponso pakantemba palibe amene amafunsa zaka za mwana, cifukwa mau atatu amatsegula zonse: "Anituma ba malume."

Mau omwewo ndi amene ndinanamizira pamene ndinagula mushanga wanga woyamba ndili Grade 9. Ndalama yake inali cenje yotsala pogula vitumbuwa. Paketi sindikanaikwanitsa, ndiponso ndikanaibisa kuti? Umodzi unali kuthera kuseri kwa mpanda wa sukulu, fungo n'kuliphimba ndi switi. Nikotini safuna paketi kuti agwire munthu. Pofika Grade 12, mushanga wa tsiku limodzi pa mlungu unali utasanduka itatu tsiku lililonse. Ndinaleka ndili ndi zaka 26, nditagona milungu itatu pansi m'cipatala kudikirira amalume, amene adokotala anati mapapo ao anathedwa ndi fodya. Sanabwerere kunyumba.

Tinawaika m'manda mu 2009, caka cimodzi pambuyo pa kusintha kwina kwakukulu. Mu 2008 a Sylvia Masebo, nduna ya maboma aang'ono panthawiyo, anasaina lamulo nambala 39 loletsa kukoka fodya m'malo opezeka anthu ambiri. Ili linamveka ndithu. Inu amene munabadwa pambuyo pake mungadabwe kumva kuti kale munthu anali kuyatsa ndudu mu ofesi kapena pamzere popanda womudzudzula. Mu May caka comweco Zambia inalowa m'pangano la bungwe la WHO lolimbana ndi fodya, limene linayamba kugwira nchito padziko mu 2005. Gawo 16 la panganoli likunena za ana mwacindunji: asagulitsidwe fodya, asagulitse fodya, ndipo maiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi kapena m'timapaketi ting'onoting'ono. Mushanga unachulidwa m'pangano la maiko usanachulidwe m'malamulo athu.

Pangano la kunja siligwira munthu pamseu mpaka Nyumba ya Malamulo italisandutsa lamulo la dziko. Kwa zaka zoposa 10 cisainire panganolo, lamulo lathunthu loteteza thanzi linali kungolembedwa ndi kubwezedwa m'maofesi. Mu 2022 aphungu anavomereza lamulo latsopano la fodya, koma la ulimi ndi misika yake. Monga m'masiku a Fort Jameson, tsamba linapita patsogolo.

Sindinyoza alimi. Ndili ndi abale ku Lundazi amene anaphunzitsa ana ndi ndalama za fodya. Koma fodya wambiri wolimidwa muno amagulitsidwa kunja, conco kukaniza mwana wa Grade 7 mushanga sikulanda mlimi nsima. Sindifunanso kuona amai a tuntemba akuthamangitsidwa monga anyamata a mishanga aja, pakuti njira imeneyo inalephera kale. Cimene mbiriyi yandiphunzitsa n'cakuti lamulo limagwira pamene lafika pa malo amene mwana amagulira: liletse kutsegula paketi, msonkho ukwere kuti cenje ya vitumbuwa isakwanire, ndipo wogulitsa auzidwe m'cinenero cake. Lero pabweranso shisha ndi mavepu onunkhira zipatso, ndipo mwana akukumana nazo.

Mlongo wanga ali ndi kantemba ku Chawama komweko. Tinakangana kwa mlungu wathunthu, iye akuti mishanga ndiyo imabweretsa phindu kuposa paketi, ndipo sanali kunama. Sanaleke kugulitsa, koma anavomera cinthu cimodzi. Loweruka lapitali ndinali pamenepo pamene kamnyamata kena kanafika ndi ndalama m'manja, kakuti katumidwa ndi atate ake. Iye anakabwezera ndalamayo nati, "Ukabauze ba tate bako babwele beka." Kanapita kakung'ung'udza, kulunjika kantemba kotsatira.