Mabungwe amene amalankhulira osauka ku boma

Mwina mudaonapo galimoto ya bungwe lothandiza anthu ikufika m'mudzi mwanu caka ca njala. Idabweretsa cimanga, nyemba ndi mafuta ophikira. Anthu adafola, adalandira, adathokoza. Patapita miyezi iwiri thumba lija lidatha, njala nayo idabwerera pamalo pake.

Thandizo lotere ndi labwino, limapulumutsa moyo. Koma mabungwe ena ali ndi nchito inanso imene siioneka msanga ndi maso. Amapita kwa olamula dziko kukanena kuti lamulo lakuti likupweteka osauka, lisinthidwe, kapena kuti ndalama zakuti zipite ku cipatala ndi ku sukulu. Nkhani ino ikufotokozerani nchito imeneyi, mmene imayendera, ndi zimene idasintha kale muno mu Moçambique.

Kulankhulira ena n'kutani?

Mukakhala ndi mlandu ku bwalo la mfumu, nthawi zambiri simupita nokha. Mumatenga malume anu kapena nkhoswe, munthu wodziwa kuyala nkhani. Mlandu ndi wanu ndithu, koma iye amakuthandizani kuti mawu anu amveke. Mabungwe amene tikunenawa amacita cimodzimodzi, kungoti bwalo lawo ndi maofesi a boma, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti. Pa Cipwitikizi nchito imeneyi amati advocacia.

Nanga n'cifukwa ciyani amapita ku boma? Cifukwa umphawi subwera ndi cilala cokha ayi. Wina umacokera ku zimene anthu amagwirizana m'maofesi. Ndani apatsidwe malo? Msewu udutse kuti? Aphunzitsi alembedwe angati? Caka ciliconse boma limakonza ndondomeko ya ndalama za dziko, ndipo aphungu 250 a Nyumba ya Malamulo ku Maputo amaikambirana ndi kuivomereza. Zimene zalembedwa mmenemo zimafika mpaka pakhomo panu. Ngati ndalama za mankhwala zacepa, mudzazindikira tsiku limene mwana wadwala malungo.

Mabungwewa amakonda kunena za cilungamo pakati pa anthu. Tanthauzo lake si lovuta. Mlimi wa ku Angónia, msodzi wa ku Metangula ndi mkulu wa mu ofesi ku Maputo, onse ndi eni dziko. Lamulo liwateteze mofanana, ndipo cuma ca dziko cifike kwa onse.

Kodi amagwira bwanji nchito?

Coyamba amamvetsera. Amayenda m'midzi, kufunsa anthu, kuwerenga mabanja amene akhudzidwa, ndi kulemba zonse. Kudandaula kwa pakamwa kumauluka ndi mphepo, koma colembedwa cimakhala.

Caciwiri amasonkhanitsa anthu. Dandaulo la munthu mmodzi ndi losavuta kulikankhira pambali. La midzi makumi awiri silikankhika.

Cacitatu amakumana ndi akuluakulu a boma ndi aphungu. Sapita ndi madandaulo okha, amatenganso maganizo a mmene lamulo lingalembedwere.

Cacinayi amaulutsa nkhani pa wailesi ndi m'manyuzipepala kuti dziko lonse limve. Zikakanika, amatha kucita zionetsero zamtendere kapena kupita ku khoti.

Zonsezi ndi zololedwa. Lamulo lalikulu la dziko, lija amati Constituição, limapatsa nzika ufulu wopanga bungwe, wosonkhana, ndi wopereka dandaulo kwa olamula.

Citsanzo coyamba: lamulo la malo

Nkhondo idatha ndi pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. Anthu amene adathawa adayamba kubwerera. Ku Malawi kokha kudali anthu a dziko lino pafupifupi miliyoni imodzi. Mwina inu kapena makolo anu mudali m'gulu limenelo. Pobwerera, funso lidali limodzi: kodi munda wa makolo ukadali wathu? Nthawi yomweyo makampani ndi anthu a ndalama adayamba kupempha malo aakulu. Iwo adali ndi mapepala. Mlimi adalibe pepala lililonse, ndipo ambiri sankadziwa kulemba.

Boma litayamba kukonza lamulo latsopano la malo, mabungwe a alimi sadakhale pansi. UNAC, mgwirizano wa alimi ang'onoang'ono umene udayamba mu 1987, ndi ORAM, bungwe lothandiza anthu a kumidzi limene lidayamba mu 1992, adalowa nawo m'zokambirana pamodzi ndi mipingo ndi aphunzitsi a ku yunivesite. Mfundo yawo idali yakuti munthu asalandidwe munda cifukwa cosowa pepala.

Lamulo lidatuluka mu 1997, nambala yake ndi 19/97. Nazi mfundo zake zazikulu:

Nthaka yonse ndi ya dziko. Siigulitsidwa, siigulidwa. Cimene munthu amakhala naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo. Ufulu umenewu mwacidule amati DUAT.

Mudzi kapena banja limene likukhala pa malo motsata mwambo wa makolo lili nawo kale ufulu umenewu, ngakhale lilibe pepala.

Nzika imene yagwiritsa nchito malo kwa zaka zosacepera khumi, popanda cinyengo, nayonso ili ndi ufulu.

Pakabuka mkangano, umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa.

Mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna, ndipo ufuluwu umatha kusiyiridwa ana.

Kampani ikapempha malo, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa boma lisanapereke cilolezo.

Taonani mfundo ya umboni wa pakamwa. Agogo amene sadalowepo m'kalasi akhoza kuimirira n'kunena kuti malire amadutsa pa mtengo wa mlambe uja, ndipo mawu awo ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo.

Koma lamulo limene anthu sakulidziwa silithandiza. Ndiye mabungwe ndi mipingo pafupifupi 200 adagwirizana kulifalitsa. Nchitoyo idali ndi dzina lakuti Campanha Terra, ndipo adaitsogolera ndi José Negrão, mphunzitsi wa pa Universidade Eduardo Mondlane. Adagwiritsa nchito masewero, zithunzi ndi wailesi, m'zilankhulo za anthu eniake.

Citsanzo caciwiri: Cateme

Lamulo labwino papepala silitanthauza kuti zonse zili bwino m'mudzi. Taonani zimene zidacitika ku Moatize, m'cigawo ca Tete. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa kuti kampani ya Vale ya ku Brasil ikumbe malasha. Ambiri adapita nawo ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize. Atafika adadandaula kuti nyumba zatsopano zikung'aluka, nthaka ina ndi yosabereka, madzi ndi ovuta, ndipo msika uli kutali.

Mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji imene sitima za malasha zimadutsa. Apolisi adawabalalitsa, ena adamangidwa. Mabungwe a muno ndi a kunja adapita kukamva nkhaniyo, adailemba, adaifalitsa. Mu Agosto caka comweco boma lidatulutsa lamulo la kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012. Limanena kuti osamutsidwa afunsidwe maganizo pa misonkhano ya poyera, ndipo moyo wawo kumalo atsopano ukhale wofanana ndi wakale kapena woposa.

Apa pali phunziro. Amene adayamba kulankhula ndi eni mudzi. Mabungwe adatenga mawuwo n'kuwafikitsa kutali. Ndipo lamulo latsopanolo silidathetse mavuto onse. Madandaulo a anthu osamutsidwa cifukwa ca migodi amamvekabe mpaka pano.

Citsanzo cacitatu: ngongole zobisika

Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, adakongola ndalama kunja, madola a ku America pafupifupi mabiliyoni awiri. Boma lidalonjeza kuti makampaniwo akalephera, dziko lidzabweza. Lonjezo limeneli lidaperekedwa Nyumba ya Malamulo isadavomereze. Gawo lalikulu la nkhaniyi lidaululika mu 2016. Maiko amene ankathandiza ndalama za boma adaimitsa thandizo lawo. Metical idagwa mphamvu, mitengo ya zinthu idakwera. Ngati mumakumbukira sopo, mcere ndi mafuta zikukwera caka cimeneco, mudalawa nawo ngongoleyo, ngakhale simudaione ndalama yake.

Pali mgwirizano wa mabungwe amene amalondola ndalama za dziko, dzina lake Fórum de Monitoria do Orçamento. Iwo adagwiritsa nchito khomo limene lili m'lamulo lalikulu. Nzika 2,000 zikasaina, zingathe kupempha bwalo loona za lamulo lalikulu, Conselho Constitucional, kuti liweruze ngati cinthu cacitika motsata malamulo. Adasonkhanitsa maina, adapereka pempho. Mu Junho 2019 bwalolo lidagamula kuti ngongole ya EMATUM ndi lonjezo la boma lija n'zopanda mphamvu pamaso pa lamulo. Mu 2020 lidagamula cimodzimodzi pa ngongole zina ziwirizo.

Kodi nkhani idathera pomwepo? Ayi. Boma lidagwirizanabe ndi ena mwa okongoza kuti lipitirize kubweza gawo lina. Komabe cigamuloco cidasonyeza kuti anthu wamba, ndi colembera m'manja, angathe kufikitsa nkhani yaikulu ya dziko ku bwalo lapamwamba. Anthu 2,000 si ambiri. Ndi midzi yowerengeka basi.

Kodi mabungwe onse ndi okhulupirika?

Si onse ayi, ndipo ndi bwino mudziwe pamene pali zofooka.

Mabungwe ambiri amalandira ndalama kucokera kunja. Wopereka ndalama akasintha maganizo, nchito imaima pakati. Nthawi zina bungwe limathamangira nkhani imene ili ndi ndalama, n'kusiya imene ikukupwetekani inu.

Ena ali ndi maofesi ku Maputo kokha. Amalankhula m'dzina la osauka, koma kumudzi amafikako kamodzi pa caka, kujambula zithunzi n'kubwerera.

Nchitoyi ilinso ndi zoopsa. Akuluakulu ena sakondwa kufunsidwa mafunso, ndipo amati aliyense wofunsa ndi wa cipani cotsutsa. Koma kufunsa za mankhwala a ku cipatala si nkhani ya cipani. Malungo safunsa kuti mudavotera yani.

Tsono bungwe likafika kwanu, lifunseni mafunso atatu. Mawu athu mukupita nawo kuti? Mudzabwera liti kudzatiuza yankho? Ndani wa m'mudzi muno apite nanu? Bungwe loona silikwiya ndi mafunso amenewa. Ndipo cenjerani ndi aliyense wofuna ndalama kuti akulembeni dzina pa mndandanda wa thandizo.

Nanga inu mungacite ciyani?

Simufunika kudikira galimoto yocokera kutali. Popeza tsopano mukuwerenga ndi kulemba, muli ndi cida cimene kale mudalibe.

Musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene simudalimvetse. Ngati lili m'Cipwitikizi, pemphani kuti wina amene mumamukhulupirira alimasulire, ndipo pemphani pepala lanu loti musunge.

Pakakhala msonkhano wofunsa mudzi za malo, pitaniko. Amayi, msonkhano umenewu ndi wanunso. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo ziwerengedwe mokweza anthu asadabalalike. Lonjezo la mjigo kapena sukulu limene silidalembedwe ndi losavuta kulikana mawa.

Sungani kope la mudzi. Lembani tsiku, amene adabwera, ndi zimene adalonjeza. Mankhwala akasowa ku cipatala, lembani tsikulo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kope limenelo ndi umboni.

Lowani gulu la alimi, la asodzi, la amayi kapena komiti ya sukulu. Akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Dziwani makomo ogogoda. M'madera muli makhonsolo a uphungu, aja amati conselho consultivo, momwe oimira anthu amakhala pamodzi ndi akuluakulu a boma. Funsani kuti woimira mudzi wanu ndani. Lamulo 34/2014 limakupatsani ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. Mukakhala ndi mlandu koma mulibe ndalama zolipira woimira milandu, pali ofesi ya boma ya IPAJ imene imathandiza osauka kwaulere. Wailesi ya m'dera lanu nayonso ndi khomo.

Kumbukiraninso kuti malamulo amasintha. Mu 2022 boma lidavomereza mfundo zatsopano za malo, pokonzekera kukonzanso lamulo lija la 1997. Zimene alimi adapeza nthawi ija zimafuna ozilondera. Mukamva kuti kuli msonkhano wa za malo ku distrito kapena ku localidade, funsani tsiku lake, tengani kope lanu ndi mnzanu mmodzi, mupite.