Mtondo ndi Kalimba: Maphunziro a Nyimbo kwa Ansenga

Ali yense wophunzira kuyimba amakomana ndi bvuto limodzi, ndilo kusunga liwiro la nyimbo, kuti asathamange ndiponso asatsalire. Ku Ulaya anthu anafuna cipangizo coti ciwathandize. M'caka ca 1815 Johann Maelzel anatulutsa kamakina kochedwa metronome, kamene kamagunda mofanana ngati woloci, ndipo wophunzira amaika kugundako pa liwiro limene alifuna. Posacedwa Beethoven anayamba kulemba pa nyimbo zace manambala osonyeza kuti zigunde kangati pa mphindi imodzi.

Koma Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba, m'maiko a mafumu onga Kalindawalo ndi Ndake, anali ndi njira yao yakale. Mwana wamkazi anali kumva kugunda kwa munsi akali kumbuyo kwa amace. Atasinkhuka anali kusinja pamodzi ndi mnzace mu mtondo umodzi, wina akukweza munsi pamene wina akutsitsa, alikuyimba. Wofulumira kapena wocedwa anali kudziwika pomwepo, popeza minsi inali kuombana ndipo cimanga cinali kutayika. Paja akulu amati fulumira adadya gaga. Madzulo pabwalo ana anali kuyamba ndi kuomba m'manja, ndipo amene manja ace anakhazikika ndiye anali kuloledwa kuyesa ng'oma.

Amisyoni a Dutch Reformed atatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, anafika ndi njira yina. M'sukulu ana anaphunzira do, re, mi, mphunzitsi akuwerenga ndi kugwedeza dzanja kutsogolo kwao. Njirayi inathandiza kuti mpingo waukuru uyimbire pamodzi, koma inali yosiyana ndi ya kumudzi. M'nyimbo ya m'buku onse amatsata kugunda kumodzi, pamene pabwalo ng'oma ndi manja zimatha kuyenda mopingasana, cina cikugunda kawiri pa nthawi imene cinzace cagunda katatu, osasokonezana.

M'caka ca 1961 John Blacking, wa ku University ya Witwatersrand ku Johannesburg, anafika m'dera la Petauke, nagwira nchito pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute ku Lusaka. Iye anajambula mau a nyimbo zambiri, ndipo zina zinatuluka pa mbale za galamafoni za Folkways ku America. Cimene anaciyang'anitsitsa ndico kalimba, kathabwa kokhala ndi tizitsulo timene amaliza ndi zala zazikuru ziwiri. Atafanizira nyimbo zosiyanasiyana anapeza kuti cozigwirizanitsa si kukwera ndi kutsika kwa mau, koma mayendedwe a zalazo. Cala ca kumanzere ciri ndi kugunda kwace, ca kumanja cirinso ndi kwace, ndipo nyimbo imabadwa pamene ziwirizo zikomana. Mnyamata akaziloweza zala zace njira imodzi, njira yomweyo ingathe kumpatsa nyimbo zingapo. Zimenezi Blacking anazifotokozanso m'buku lace la mu 1973, How Musical Is Man?

Apa mpamene pali phunziro la mbiriyi. Mnsenga sanali kuwerenga nthawi ya nyimbo m'mutu. Anali kuyamba kuiika m'mikono, m'manja ndi m'zala mwa kubwereza kacitidwe kamodzi kufikira thupi litakazolowera, mau a nyimbo nkubwera pambuyo pace.

Masiku ano zigayo zalanda nchito yambiri ya mtondo, ndipo metronome ipezeka ngakhale m'foni ya m'thumba. Kamakinako nkothandiza, cifukwa sikanama ndipo sikatopa. Koma sikamvetsera munthu, ndipo sikangamphunzitse kulowetsa kugunda kwace pakati pa kugunda kwa mnzace monga acitira akazi awiri pa mtondo umodzi. Luso limeneli likali kuoneka pa mwambo wa Tuwimba wa Mfumu Kalindawalo ndi m'magule a m'midzi. Cotero wophunzira wa ku Petauke kapena Nyimba acita bwino kuyeseza yekha ndi kamakina masana, koma madzulo apite kwa agogo ace akaombe nao m'manja, iwo akalipo.