Timabuku ta Doctor Who: mmene pepala linasungira zimene BBC inafufuta

Mu Okutobala 2013, BBC inalengeza kuti zigawo 9 za sewero lake la pa kanema la Doctor Who, zimene zinasowa kwa zaka zoposa 40, zapezeka. Mafilimuwo anali m'nyumba ina youlutsira kanema mumzinda wa Jos, ku Nigeria, ndipo amene anawapeza ndi Philip Morris. Zigawo 4 mwa izo zinali za nkhani ya The Web of Fear, imene inaonetsedwa ku Britain mu 1968. Ambiri mwa anthu amene anathamangira kukaionera anali akuidziwa kale kuyambira kumutu mpaka kumcira, ngakhale aja amene mu 1968 anali asanabadwe. Anaidziwira m'kabuku kakang'ono kamene kanatuluka mu 1976.

Popeza ambiri kuno seweroli sitinalionepo, ndiyambe ndafotokoza kuti n'ciyani. Linayamba pa 23 Novembala 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa John F. Kennedy. Mwini nkhani ndi Doctor, mlendo wocokera kudziko lina lakuthambo, amene amayenda m'makina ochedwa TARDIS. Kunja kwake makinawo amaoneka ngati kanyumba ka buluu ka apolisi, koma ukalowa ndi cimnyumba cacikulu, ndipo amatha kupita naye kumakedzana kapena kutsogolo kumene sitinafike. Adani ake ochuka ndi maDalek, zilombo zokhala m'zigoba zacitsulo. Cigawo ciliconse cinkatenga mphindi 25 Loweruka madzulo, n'kuthera pamene mtima uli m'mwamba kuti mubwerenso sabata yamawa. Kanema anafika mocedwa kwathu kuno, ku Maputo mu 1981 ndipo ku Malawi mu 1999. Koma m'zaka za m'ma 1960 BBC inkagulitsa makope a seweroli ku Zambia, Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Nigeria. Umu ndi mmene mafilimu aja anafikira ku Jos.

Masiku amenewo sewero likaonetsedwa, basi lapita. M'nyumba za anthu munalibe makina ojambulira zithunzi za pa kanema, ndipo mapangano a BBC ndi bungwe la ocita zisudzo ankaletsa kubwereza sewero mwacisawawa. Matepi anali odula. Conco kuyambira ca m'ma 1967 mpaka 1978, BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulepo zatsopano, ndipo makope ambiri a filimu anatayidwa. Mwa zigawo 253 za zaka 6 zoyambirira, 97 zinali zosowabe ngakhale za ku Jos zitabwerera. Aliyense amene anagwirapo nchito pa wailesi sangawaseke kwambiri anthu amenewa. Malo akacepa m'kompyuta, cimene cimayamba kucotsedwa ndi ca dzana, ndipo palibe amene amakhala pansi kufunsa ngati mawu a agogo amene anafotokoza mbiri ya mudzi wawo adzafunidwenso.

Mabuku oyamba anatuluka seweroli likadali lakhanda. Pakati pa 1964 ndi 1966, kampani ya Frederick Muller ya ku London inasindikiza atatu: awiri olembedwa ndi David Whitaker, limodzi ndi Bill Strutton. Whitaker, amene anali mkonzi woyamba wa nkhani za seweroli, sanangokopera zimene zinali pa kanema. M'buku lake la maDalek anasiya ciyambi cimene anthu anaonera n'kupeka cina, ca ngozi ya galimoto usiku wa nkhungu ku Barnes Common, ndipo nkhani yonse anaiika m'kamwa mwa Ian Chesterton, mmodzi wa anzake a Doctor. Pambuyo pa atatuwo kunali zii kwa zaka 7.

Mu 1973 kampani ya Universal-Tandem inatsegula nthambi ya mabuku a ana yochedwa Target. Mkonzi wake, Richard Henwood, anagula cilolezo ca mabuku atatu akale aja n'kuwatulutsanso mu Meyi caka comweco, a cikuto cofewa, pa mtengo wa mapeni 25, okhala ndi zithunzi zatsopano zojambulidwa ndi Chris Achilleos. Anayenda malonda moti Henwood anapita ku BBC kukafunsa ngati kuli anthu amene angalembe ena. Kumeneko anapeza Terrance Dicks, mkonzi wa nkhani za seweroli pa nthawiyo, amene anali asanalembepo buku la nthano. Mu Januwale 1974 kunatuluka Doctor Who and the Auton Invasion la Dicks ndi Doctor Who and the Cave-Monsters la mnzake Malcolm Hulke.

Anthu awiriwa ankagwira nchito imodzi mosiyana kwambiri. Dicks anadzalemba mabuku a Target oposa 60, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nthawi zina ankatulutsa pafupifupi limodzi pamwezi. Ambiri sankapitirira masamba 130. Ziganizo zake zinali zazifupi, zolunjika, ndipo mitu yake inkathera pamalo okucititsa kutsegula tsamba lotsatira. Ena amamunena kuti m'zaka zothamanga zija ankangotenga mawu a sewero n'kuwonjezerapo zocepa, ndipo pa mabuku ena n'zoona. Komabe ine ndimaima kumbali yake. Kulemba kuti mwana wa zaka 9 amalize buku lonse yekha n'kupita kukabwereka lina, ndi luso limene olemba ambiri a mawu akuluakulu alibe, ndipo Dicks atamwalira anthu ambirimbiri ku Britain ananena kuti anaphunzira kukonda kuwerenga kudzera mwa iye.

Hulke analemba ocepa koma ankakumba pansi. Nkhani ya Cave-Monsters ndi ya mtundu wa anthu onga abuluzi amene ankalamulira dziko lapansi munthu asanakhaleko. Anakagona m'mapanga pothawa tsoka limene ankaliyembekezera, ndipo podzuka anapeza dziko lawo lili m'manja mwa zidzukulu za anyani. Pa kanema ambiri ankangoona zilombo zovala mphira. M'buku Hulke anawapatsa maina, ndipo mutu woyamba anaulemba kucokera m'maso mwa mmodzi wa iwo, Okdel, akutsanzikana ndi dziko limene analidziwa. Doctor akuyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, koma pamapeto asilikali akuphulitsa mapanga. Mwana wa ku England ankatseka bukulo atafunsidwa kuti mwini malo ndani, amene anayamba kukhalapo kapena amene ali pamenepo lero. Kumalire kuno funso limeneli sitifunika kuliwerenga m'buku.

Pamene matepi ankafufutidwa, timabukuti tinasanduka nkhokwe. Kaseti yoyamba ya vidiyo ya Doctor Who inagulitsidwa mu 1983, ndipo zotsatira zinkabwera mwapang'onopang'ono, conco kwa zaka zambiri wofuna kudziwa nkhani zakale njira yake inali buku. Panalinso ena amene ali ana ankaika maikolofoni pafupi ndi kanema n'kujambula mawu okha, ndipo cifukwa ca iwo mawu a zigawo zonse zosowa alipo mpaka lero. Koma matepi amenewo anali m'manja mwa ocepa, pamene buku linkapezeka m'sitolo ndi m'laibulale ya sukulu. Pepala linalinso ndi mwayi umene ife a wailesi timaudziwa bwino: silifuna ndalama zomangira mzinda wa kuthambo, wowerenga amaumanga yekha m'mutu. Nkhani ya The Tomb of the Cybermen ya mu 1967 inasowa, Gerry Davis n'kuilemba buku mu 1978. Filimu yake itabwerera kucokera ku Hong Kong mu 1992, ena mwa amene anakula ndi bukulo anaona kuti manda a m'mutu mwawo anali aakulu ndi oopsa kuposa a pa kanema.

Ca pakati pa zaka za m'ma 1980, Target, imene tsopano inali pansi pa kampani ya W. H. Allen, inayamba kufunafuna amene analemba masewero akale kuti awasandutse mabuku okha. Donald Cotton anatenga nkhani yake ya nkhondo ya ku Troy, The Myth Makers, imene zigawo zake zonse zinafufutidwa, n'kuilemba mu 1985 ngati akusimba ndi Homer ali nkhalamba. Ena mwa mabukuwa anamasuliridwa m'zinenero zina. Kwa inu amene mumawerenga mbali ya Cipwitikizi ya kabuku kano, kampani ya Editorial Presença ya ku Lisboa inatulutsa angapo m'zaka za m'ma 1980, Doctor atasanduka Doutor Who.

Mndandanda wa Target unafika pa nambala 156. Lomaliza, The Paradise of Death la Barry Letts mu 1994, linacokera pa sewero la pa wailesi. Nkhani zisanu zinatsala, ndipo cinaziletsa ndi ndalama ndi umwini. Zitatu zinali za Douglas Adams, amene anali atachuka ndi mabuku akeake, ndipo malipiro a Target anali ocepa kwa iye. Ziwiri zinali za Eric Saward, zokhudza maDalek, amene mwini wake anali wolemba wina, Terry Nation, ndipo sanamvane za kagawidwe.

BBC inaimitsa seweroli mu Disembala 1989. Apa mabuku anasintha nchito: nkhani zakale zokopera zinali zitatsala pang'ono kutha, ndipo zatsopano pa kanema kunalibe. Kampani ya Virgin, imene inali itatenga W. H. Allen, inapeza cilolezo colemba nkhani zatsopano, ndipo mkonzi Peter Darvill-Evans anayambitsa New Adventures mu 1991. Mpaka 1997 anatulutsa mabuku 61 a Doctor, aatali, olembera akuluakulu, aja omwe anali ana a Target. Cacikulu cimene Darvill-Evans anacita ndi kutsegula khomo kwa olemba osadziwika, kuti aliyense atumize zolemba zake. Paul Cornell ndi Mark Gatiss anatulutsa mabuku awo oyamba a nthano m'njira imeneyi. Russell T Davies, amene anali kale wolemba za pa kanema, analemba Damaged Goods mu 1996. Mu 1997 BBC inatenganso cilolezo cija kuti izisindikiza yokha, ndipo buku lotsegulira analipereka kwa Terrance Dicks.

Seweroli litabwerera pa kanema mu Malici 2005, wolitsogolera anali Davies, ndipo Cornell ndi Gatiss anali m'gulu la olemba. Mu 2007 madzi anabwerera kumtunda: buku la Cornell la mu 1995, Human Nature, linasandutsidwa zigawo ziwiri za pa kanema.

Mu 2018, BBC Books inaukitsa dzina la Target, ndipo Davies ndi Steven Moffat analemba mabuku a zigawo zawo, ang'onoang'ono, a zikuto zotengera za Achilleos. Nkhani zisanu zotsala zija nazo zinalembedwa: za Adams anazilemba Gareth Roberts ndi James Goss pakati pa 2012 ndi 2017, iye atamwalira kale, ndipo Saward analemba zake ziwiri mu 2019. Yomaliza, Revelation of the Daleks, inatuluka mu Novembala caka cimeneco, patapita zaka 34 cionetsedwere pa kanema. Terrance Dicks anali atamwalira mu Ogasiti, ali ndi zaka 84.