Duwa Loyera la pa Phiri la Craig-na-Ban

Ngati munakwerapo phiri pamodzi ndi anzanu a m'gulu la acinyamata, mudziwa kuti anthu sayenda mulu umodzi. Amphamvu amathamangira kutsogolo, akuluakulu amayenda modekha pakati, ndiye pamakhala awiri otsalira kumbuyo, amene sanatope ai koma ali ndi nkhani yao. Mbiri yakale isunga maina a awiri otere. Anatsalira kumbuyo pa phiri lina la ku Scotland pa 29 September 1855, ndipo patapita zaka 63 asilikali a mwana wao anafika ku Kasama ndi mfuti m'manja.

Mnyamata anali Friedrich Wilhelm wa ku Prussia, wa zaka 23, amene kwao ankamuchula Fritz. Mfumu ya Prussia, mkulu wao wa atate ake, inalibe mwana, motero aliyense anadziwa kuti ufumu udzagwera atate a Fritz, kenaka Fritz mwini wake. Mtsikana anali mwana wacisamba wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain ndi mwamuna wake Albert. Dzina lake linalinso Victoria, koma pakhomo anali Vicky. Zaka zake zinali 14. Simunawerenge molakwa. M'nyumba zacifumu za masiku amenewo mwana wamkazi ankamuonera mwamuna akali mwana, ndipo zimenezi sitiyenera kuzisirira. Kuno kwathu, kuyambira mu 2023, lamulo silola ukwati uliwonse, ngakhale wacikhalidwe, wa munthu wosakwana zaka 18.

Awiriwa anaonana koyamba mu 1851 pa cionetsero cacikulu ca ku London. Vicky anali ndi zaka 10, ndipo ndiye anatsogolera mlendoyo m'cionetseromo, namufotokozera zinthu m'cinenero ca kwao kwa mlendoyo. Albert anaona zimenezi ndipo anazisunga mumtima.

Muyenera kumudziwa Albert kuti mumvetse nkhani yonse. Iye anabadwira ku Germany, pa nthawi imene Germany sinali dziko limodzi koma maufumu ambirimbiri, ena aakulu, ena tating'ono. Cikhumbo cake cinali cakuti maufumuwa agwirizane motsogoleredwa ndi Prussia, akhale ndi nyumba ya malamulo yamphamvu monga ya ku Britain, ndipo maiko awiriwa akhale pa cibale. Anaona kuti njira yacidule yofikira kumeneko ndi ukwati. Anamuphunzitsa yekha mwana wakeyo mbiri ndi ndale, monga mlimi asankha mbewu yabwino ya munda wakutali.

Fritz anafika ku Balmoral, nyumba ya Mfumukazi ya m'mapiri a ku Scotland m'mbali mwa mtsinje wa Dee, pakati pa September 1855. Nthawi sinali yabwino kwa mlendo wocokera ku Prussia. Britain inali pa nkhondo ndi Russia ku Crimea, Prussia inakana kuthandizako, ndipo anthu a ku Britain anali okwiya nayo. Koma mnyamatayo sanabwerere nkhondo. Pa 20 September anapempha kulankhula ndi makolo a Vicky, nawauza zimene anadzera. Onani kuti anayambira kwa akulu, mtsikana asanamve kanthu. Makolo anavomera, koma anaikapo mfundo: mwanayo akali wamng'ono, asauzidwe mpaka atalimbikitsidwa mu mpingo ndi kuyamba kulandira Mgonero caka cotsatira, ndipo za ukwati zisamveke asanakwane zaka 17.

Anapirira masiku asanu ndi anai. Tsiku lililonse ankadya pa tebulo limodzi ndi mtsikana amene sanaloledwe kumuuza za kumtima, ndipo tsiku lobwerera kwao linali kuyandikira. Makolo anaona okha kuti cinsinsi cotere sicingakhalitse, ndipo anamulola kulankhula.

Masana a pa 29 September banja linakwera phiri la Craig-na-Ban pa akavalo aang'ono ozolowera m'mapiri. Mapiri a kumeneko alibe misuku kapena miombo monga athu. Amakutidwa ndi kacitsamba kakafupi kochedwa heather, kamene kamacita maluwa ofiirira phiri lonse. Ka maluwa oyera ndi kosowa, ndipo eni dziko amati wokapeza wapeza mwai. Fritz anakapeza, anathyola kanthambi, napatsa Vicky. Potsika ca ku cigwa ca Glen Girnock anamuuza zimene anali kuyembekeza. Mtsikanayo anavomera, ndipo tsiku lomwelo anakaulula zonse kwa amai ndi atate ake.

Cikole conse cinali comweco: kanthambi kothyola m'njira, kocokera kwa munthu amene akanatha kugula mphete ya mtengo uliwonse. Ine ndiona kuti pa zonse zimene akuluakulu anakonza, kanthambi aka kokha ndiko kanali ka ana awiriwo.

Masabata asanu ndi awiri pambuyo pake, mu November 1855, David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya nawapatsa dzina la amai ake a mtsikanayu. Koma tibwerere kwa otomeranawo.

Nkhani itamveka, nyuzipepala ya The Times inanyoza banja lacifumu la Prussia poyera. Vicky analimbikitsidwa mu mpingo mu March 1856, citomero cinalengezedwa mu 1857, ndipo pakati ponsepo awiriwa ankalemberana makalata, kuonana kamodzikamodzi. Anakwatirana pa 25 January 1858 ku St James's Palace mu London, patapita zaka ziwiri ndi miyezi inai cicokere pa phiri paja. Nyimbo ya ukwati ya Mendelssohn inaimbidwa tsiku limenelo, ndipo kucokera pamenepo inafala m'maukwati a m'maiko ambiri.

Kodi anakondana? Apa olemba mbiri sakangana. Anakondanadi, kwa zaka 30, ndipo cikondico cinayesedwa. Mwana wao woyamba, Wilhelm, anabadwa movutikira mu January 1859, dzanja lake lamanzere linapuwala moyo wake wonse. Anabereka ana asanu ndi atatu, naika m'manda awiri: Sigismund mu 1866 asanakwane zaka ziwiri, ndi Waldemar mu 1879 ali ndi zaka 11. Ku Berlin Vicky sanamulandire ndi manja awiri. Anali wanzeru, wolankhula mosabisa, ndipo sankaleka kuyerekeza zinthu za kumeneko ndi za kwao, cimene mtengwa aliyense adziwa kuti sicikondweretsa apongozi. Ambiri ankangomuchula mkazi wa ku England uja. Makalata amene analemberana ndi amai ake afika zikwizikwi.

Cimene cinalephera ndi cikonzero ca Albert. Iye anamwalira mu December 1861. Caka cotsatira atate a Fritz, amene tsopano anali mfumu, anaika Otto von Bismarck kukhala nduna yaikulu, munthu wosakhulupirira nyumba ya malamulo ngakhale pang'ono. Mu 1863 Fritz anatsutsa poyera ku Danzig lamulo lotseka pakamwa manyuzipepala, ndipo atate ake anamukalipira koopsa. Germany inagwirizanadi mu 1871, koma kudzera m'nkhondo zitatu, ndipo Fritz, amene ankadana ndi nkhondo, anamenya nao zonse zitatu. Kenaka anadikira. Atate ake anakhala ndi moyo mpaka zaka 90.

Pamene ufumu unamufikira pa 9 March 1888, Fritz anali ndi khansa ya pakhosi. Madokotala anali atamuboola kale pakhosi kuti azipuma. Munthu uja anapempha cilolezo ca kulankhula ku Balmoral tsopano analibe mau, ankalamulira polemba pa timapepala. Anakhala pa mpando masiku 99, namwalira pa 15 June. Tsiku lomwelo Wilhelm anazinga nyumba yacifumu ku Potsdam ndi asilikali, kufunafuna mapepala a makolo ake. Ambiri mwa mapepalawo anali atatumizidwa kale ku Windsor. Vicky anakhala wamasiye zaka 13, namwalira mu August 1901.

Wilhelm II sanatenge maganizo a atate ake kapena a amai ake, ndipo sankagwirizana ndi amalume ake, Edward VII wa ku Britain. Mu 1914 anapezeka pa nkhondo ndi George V, mwana wa amalume akewo, msuweni wake weniweni. Si ukwati wa makolo ake umene unabweretsa nkhondoyo, zifukwa zinali zambiri. Koma cibale cimene Albert anadalira sicinailetse.

Nkhondoyo sinathere ku Ulaya. Dziko limene lero tichula Tanzania linali m'manja mwa Germany, ndipo malire ake ndi Northern Rhodesia anasanduka bwalo la nkhondo. Amuna zikwizikwi a m'midzi ya kuno anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu November 1918 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, analowa m'dziko muno nalanda Kasama, osadziwa kuti mfumu yake yatula pansi ufumu ndi kuthawira ku Netherlands. Anamva za kutha kwa nkhondo pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November, ndipo anakapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November. Mukadzayenda pa mseu wa Mpika kupita ku Kasama, pemphani woyendetsa aime pafupi ndi mlatho wa Chambeshi. Cipilala cokumbutsa tsikulo cili pomwepo.