Makalata Amene Ankabwera kwa Kamuzu: Mboni za Yehova ndi Tinjira ta ku Dedza

Sabata ino tikwere limodzi Phiri la Dedza, chifukwa nkhani ya leroyi imamveka bwino munthu utaima pamwamba.

Mukafika pansonga pa phirili, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, n'kuponya maso chakumwera ndi kumadzulo, minda ina imene mukuionayo ndi ya ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Inu amene mudayendapo pamsewu wa M1 kuchoka pa Dedza kulowera ku Lizulu mukudziwa kuti penapake msewu womwewo ndiwo malire: kachewere wa mbali ino ndi wa ku Malawi, wa tsidya linalo ndi wa ku Mozambique. Zaka zoposa 50 zapitazo, m'tinjira ta m'malire amenewa munadutsa anthu zikwizikwi, ambiri usiku, ana kumsana, kumudzi atasiya nyumba zili phulusa. Chimene chinawathamangitsa chinali khadi la chipani.

Achinyamata mwina simunalione khadili. M'nthawi ya chipani chimodzi cha Malawi Congress Party, munthu wopanda khadi ankatha kubwezedwa pachipata cha msika kapena kutsitsidwa m'basi. Mtengo wake unali matambala owerengeka chabe. Koma a Mboni za Yehova ankakana kuligula. Chikhulupiriro chawo chimati Mkhristu asalowe m'chipani cha ndale china chilichonse. Msonkho ankakhoma, koma khadi ayi. Kwa a Youth League ndi a Payoniya, kukana khadi kunali kunyoza Ngwazi, basi.

Chipwirikiti choyamba chinabuka mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, pamene nyumba za Mboni zoposa 1,000 zinatenthedwa kapena kugumulidwa. Mu Seputembala 1967, msonkhano waukulu wa chipani ku Mzuzu unapempha boma kuti mpingowu uletsedwe, ndipo pa 20 Okutobala 1967 unaletsedwadi. Amishonale awo anapitikitsidwa m'dziko. M'midzi anthu anamenyedwa, amayi ambiri anagwiriridwa, nkhokwe zinayatsidwa moto, ena anaphedwa.

Tsono funso n'lakuti, munthu wa kumudzi wochitiridwa zoterezi akanakadandaula kwa yani? Wailesi inali imodzi, ya boma. Nyuzipepala sizikanayerekeza. Apolisi nthawi zambiri ankangoyang'ana kumbali. Mnansi amene ankadziwa bwino lomwe kuti munthuyo ndi wosalakwa ankatseka chitseko n'kuuza ana kuti asasuzumire. Tisafulumire kumuweruza mnansiyo. Nayenso anali ndi khosi limodzi.

Komabe nkhani inkatuluka. Omenyedwawo ankalemba zimene zachitika, mayina a midzi ndi masiku ake, ndipo malipotiwo ankawoloka malire mobisa mpaka kufika ku likulu la mpingowu ku Brooklyn, New York. Magazini ya Nsanja ya Olonda ya Chingerezi ya pa 1 Febuluwale 1968 inafotokoza nkhanzazo ku dziko lonse ndi kupempha owerenga kuti alembere makalata Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi akuluakulu a boma lake. Galamukani! ya Chingerezi inachitanso chimodzimodzi mu Disembala 1972 ndi mu Disembala 1975. Magaziniwa ankasindikiza mayina ndi maadiresi a anthu oti alemberedwe, moti wowerenga ankangofunika pepala, cholembera ndi sitampa.

Tangoganizani inuyo. Mayi wina ku Germany, mphunzitsi ku Canada, mlimi ku Brazil, anthu oti Dedza sakanatha n'kumuloza komwe pamapu, akukhala patebulo madzulo kulembera mtsogoleri wa dziko lachilendo kuti aleke kuzunza anthu amene iwo sanawaonepo. Makalata anafika zikwizikwi. Njira imeneyi sinayambire pa ife. Pa 7 Okutobala 1934, a Mboni a m'mayiko ambiri anatumiza matelegalamu kwa Adolf Hitler otsutsa kuzunzidwa kwa anzawo ku Germany. Cholinga chimakhala chimodzi: wolamulira adziwe kuti zimene akuchita kuseri, anthu akuziona.

Nanga makalatawo anathandiza? Apa tisanamizane. Mabuku a mbiri a mpingowu amanena kuti makalata a mu 1968 atachuluka, nkhanza zinayamba zazilala, ndipo Kamuzu mwini ananena poyera kuti munthu asakakamizidwe kugula khadi. Koma chiletso sichinachoke, ndipo mpumulowo sunakhalitse. Mu Seputembala 1972 msonkhano wa chipani ku Zomba unagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito, m'boma ndi m'makampani momwe, atsekeredwe mabizinesi, ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Zimene zinatsatira zinaposa za mu 1967.

Anthu pafupifupi 20,000 anathawira ku Sinda Misale, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Kumeneko madzi anali oipa, ndipo anthu mazana anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Mu Disembala 1972 boma la Zambia linawakweza m'magalimoto n'kuwabweza ku Lilongwe. Atafika m'midzi yawo anapeza zikwapu zikuwadikira. Apa ndi pamene mapiri a Dedza ndi Ntcheu analowa m'nkhaniyi. Anthu anadutsa m'tinjira tija kulowera ku Mlangeni, mbali ya Mozambique, kumene boma la Apwitikizi linawalola kukhala. Anthu oposa 20,000 anamanga misasa kumeneko, analima minda, anakonza zipatala zazing'ono, n'kumapemphera poyera, chinthu chimene kwawo, makilomita ochepa chabe, chinali mlandu.

Koma Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo nalo linafuna kuti aliyense azifuula mawu a chipani. A Mboni anakana monga anakanira khadi. M'miyezi yotsatira anathamangitsidwanso kubwerera ku Malawi. Ambiri anamangidwa, ndipo zikwi zingapo anatsekeredwa m'ndende, makamaka ku Dzaleka m'boma la Dowa, malo omwe lero tikusungirako othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena anathawiranso ku Mozambique, cha ku Milange.

Makalata anayambiranso kubwera, ndipo ulendo uno olemba sanali a Mboni okha. Mu 1976 Philip Potter, mlembi wamkulu wa World Council of Churches, analembera Kamuzu kupempha kuti omangidwawo amasulidwe. Taonani, a Mboni sali m'bungwe limeneli, ndipo paziphunzitso amasiyana nalo kutalitali. Koma Potter anaona kuti munthu akamenyedwa chifukwa cha pemphero lake, nkhaniyo yakhudza aliyense wopemphera. Pofika mu 1977 ambiri a ku Dzaleka anali atayamba kutulutsidwa. Chiletso chokha chinakhalabe mpaka pa 12 Ogasiti 1993, patatha zaka pafupifupi 26.

Wina anena kuti, aa, zaka 26, ndiye makalatawo anali otaya nthawi. Ine ndikuona mosiyana, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri.

Choyamba, boma la Kamuzu linkadalira thandizo la mayiko a azungu, ndipo linkafuna kuoneka laulemu, la mtendere ndi bata, lotsogozedwa ndi mkulu wa mpingo. Kalata iliyonse yochokera ku London kapena ku Toronto inkang'amba pang'ono chovala chimenecho. Sinathe kutsegula ndende tsiku lomwelo, koma inkachititsa kuti womenya ayambe wayang'ana uku ndi uku. Inu olemba mukukumbukira za Jack Mapanje, amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Olemba anzake kunja, a PEN ndi a Amnesty International, sanaleke kulemba mpaka anatuluka. Orton ndi Vera Chirwa ataweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, mpingo wa Church of Scotland unachonderera, mayiko anadandaula, ndipo mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende.

Chachiwiri, makalata ndi malipoti amene anawabala aja anasunga mbiri imene kuno kwathu sinkaloledwa kulembedwa. Lero wofuna kudziwa zimene zinachitika m'midzi yathu mu 1972 amazipeza m'zimene zinasindikizidwa kunja nthawi imeneyo. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo ananena zimene eni mudzi tinkangonong'onezana kuseri kwa nkhokwe.

Komatu kalata imene inagwedezadi dziko inalembedwa ndi eni mudzi. Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Mmodzi mwa amene anaisainira anali Ambuye Gervazio Chisendera, episkopi wa Dedza yemweyu. Maepiskopiwo ataopsezedwa, mipingo ya kunja inalankhulanso mowateteza. Mu Meyi 1992 mayiko opereka thandizo anaimitsa thandizo lina, pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, ndipo patangotha miyezi iwiri chiletso cha Mboni chinachotsedwa. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene savota anamasulidwa ndi mphepo ya voti ya anzawo. Makalata a kunja anasunga moto kuti usazime kwa zaka zonsezo, koma nsima inapsa pamene a pakhomo anasonkhezera okha.

Nkhaniyi ili ndi mchira. Mu Marichi 2017, boma la Russia litayamba kukonza zoletsa mpingo womwewu, a Mboni oposa 8 miliyoni padziko lonse, a ku Malawi omwe, anapemphedwa kulembera makalata Vladimir Putin ndi akuluakulu ena. Ana ndi zidzukulu za anthu a ku Mlangeni aja inafika nthawi yawo yogula sitampa. Khoti lalikulu la Russia linaletsabe mpingowo pa 20 Epulo 2017. Kalata si mankhwala a tsiku limodzi, ndipo a Malawi akudziwa zimenezi kuposa ambiri.

Mwina inuyo a Mboni simugwirizana nawo. Mwina akagogoda pakhomo panu Loweruka m'mawa mumatuma mwana kuti akanene kuti mwachokapo. Palibe vuto, ufulu umenewonso ndi wanu. Koma gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, lonena za ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, limayesedwa pa anthu amene ambiri sawakonda. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linachita kugamula kuti ana a Chirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ndi angati a ife amene tinalembapo kanthu za anawo pazaka zonse zimene ankabwezedwa pageti? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa kwa inu olemba anzanga ndi ili. Amene anawoloka malire a Dedza ndi Ntcheu mu 1972 ndi 1973 ali anyamata ndi atsikana, lero ndi agogo a zaka za m'ma 70. Amene anawabisa m'nyumba alipo, amene anatseka zitseko alipo, ngakhale amene ananyamula zibonga alipo, ndipo ena amakhala mudzi umodzi, kumakumana pamaliro. Mukapita kumudzi, khalani nawo pansi, afunseni mwaulemu, ndipo zimene akuuzenizo muzilembe. Nthawi ija anatilembera ndi alendo chifukwa ife tinalibe mwayi. Lero pepala tili nalo, ndipo palibe wotifunsa khadi.